Maulendo atatu, amawerenga umodzi

Pa masewera onse a Olimpiki a m'nyengo yozizira, amene sayenera n'komwe kumukhudza munthu wa ku Mangochi ndi halfpipe ya amayi. Kwathu kwa Chowe tikati kwazizira timatanthauza kuti mwera wawomba mu Juni ndipo anganga afunda zitenje ziwiri. Chipale chofewa sitinachionepo, Malawi sanatumizepo munthu ku masewera amenewa, ndipo ndikukayika ngati alipo wina mwa inu amene anagulapo bandulo kuti aonere atsikana akutsetsereka pa ski. Ine ndimagula. Anzanga a m'chipinda amandiseka, amati ndinalodzedwa ndi zachizungu. Koma m'masewerawa muli lamulo limodzi limene limandisowetsa mtendere, chifukwa ndi losiyana kwambiri ndi lamulo limene tinakula nalo ife atsikana a kwathu.

Ndiyambe ndafotokoza chinthucho. Ganizirani bwato lija losema pa mtengo umodzi, koma lalikulu mosaneneka, loumbidwa ndi chipale cholimba, n'kuligoneka pa phiri mutu kumtunda. Makoma ake awiri ndi otalika pafupifupi mamita 7, ndipo m'litali limapitirira mamita 150. Wosewera amamanga kumapazi timatabwa tiwiri titalitali, timene amati ski, n'kulowa m'bwatomo chakumtunda. Akatsika khoma limodzi, liwiro limene wapeza limamukweza khoma linalo, ndipo akafika pamlomo pake limamuponya m'mwamba mamita atatu kapena kuposa. Ali m'malere choncho amazungulira, amapidiguka, amagwira ski ndi dzanja, kenako ayenera kutera bwinobwino pa khoma lomwelo kuti athamangire linalo. Amadumpha chotero kasanu kapena kasanu n'kamodzi, ndipo ulendo wonse sukwana mphindi imodzi.

Madumphidwe ake amawatchula ndi manambala. Akati 360 ndiye kuti wazungulira kamodzi, 900 ndi kawiri ndi theka, 1080 ndi katatu. Oweruza amapereka malikisi pa 100, ndipo amayang'ana kutalika kumene wafika, kuvuta kwa zimene wachita, ukhondo wa kachitidwe kake, ndiponso ngati wasinthasintha kapena wangobwereza chinthu chimodzi.

Tsopano lamulo lija. Mu mpikisano womaliza, monga zinalili ku PyeongChang mu 2018 ndi ku Beijing mu 2022, aliyense amapatsidwa maulendo atatu, ndipo amawerenga umodzi wokha umene wachita bwino koposa. Saphatikiza, sachotsera. Ukagwa ulendo woyamba, ukagwanso wachiwiri, koma wachitatu n'kuuluka bwino, mendulo ndi yako ndipo kugwa kuja sikulembedwa paliponse pamene pangakupweteke.

Amene anakonza lamuloli sikuti ndi anthu achifundo. Anangozindikira kuti ukamalanga munthu pa kugwa kulikonse, palibe amene angayese chinthu chovuta. Aliyense azingochita zimene akudziwa kale, masewerawo n'kuima pomwepo. Tengani Maddie Bowman wa ku United States, amene anapata golide woyamba wa masewerawa ku Sochi mu 2014. Patatha zaka zinayi, ku PyeongChang, anagwa maulendo onse atatu akuyesa zovuta, ndipo anabwerako wopanda kanthu. Palibe amene ananena kuti Bowman sadziwa ski. Anthu anaona kuti amafuna golide, ndipo golide wa masewerawa amakhala pafupi ndi kugwa.

Ku PyeongChang komweko kunali munthu wina amene dziko lonse linamukamba. Elizabeth Swaney anabadwira ku United States, koma anaimira Hungary chifukwa cha agogo ake. Mayiyu anawerenga malamulo mofatsa. Anaona kuti njira yopitira ku Olimpiki inali kumaliza m'gulu la anthu 30 oyambirira m'mipikisano ikuluikulu, ndipo mipikisano yambiri ya amayi sinkafika n'komwe anthu 30. Ndiye ankangopita, n'kutsetsereka pang'onopang'ono, kukwera khoma, kutembenuka, kutsika, osadumpha chilichonse chooneka. Ena akagwa, iye ankawaposa chifukwa chosagwa. Njira imeneyi inamufikitsadi ku Olimpiki, kumene anamaliza wa nambala 24 pa anthu 24. Kanema wake alipo pa YouTube. Mukamuonera mumayamba ndi kuseka, koma ine kusekako kunandithera msanga, chifukwa ndinazindikira kayendedwe kake. Ndi kayendedwe kamene tinaphunzitsidwa.

Mtsikana wabwino kwathu ndi amene sagwa. Sakwera mumtengo wa mango, sathamanga pamaso pa anthu, sayankha mokweza, sakhala chotambalala, sachita chilichonse chimene anthu angakambe pachitsime. Tili ana sizinali choncho. Amene munasewerapo fulaye mukudziwa zimene thupi la mtsikana wa zaka khumi limatha kuchita. Mpira wa mapepala ukubwera ngati mwala kuchokera uku, iye wadumpha, miyendo yatasa m'malere, watera, wawerama, wathira mchenga m'botolo, mpira wabweranso kuchokera uko, wagwa chafufumimba n'kudzukanso. Kuona mpira ndi ngodya ya diso, kudziwa pamene thupi lako lili usanaganize, kusaopa nthaka: zonsezi ndi zomwezo zimene oweruza a ku Beijing amapatsira malikisi. Ndipo fulaye nayenso ali ndi chifundo chake, chifukwa ukafa, anzako akadzaza botolo umadzukanso.

Kenako umatha msinkhu, azimayi amakukhazika pansi, ndipo masewera amathera pomwepo. Ndikatsika kupita kwa azakhali anga m'mbali mwa nyanja ya Malombe ndimaona zomwezo. Anyamata akudumpha kuchokera pabwato, akupikisana chipidigoli pamchenga, akugwa, akuseka. Atsikana a msinkhu womwewo ali m'mphepete, madzi olekeza m'mawondo, akutsuka mbale. Ambiri mwa iwo anabadwira pamadzi pomwepo koma sadziwa kusambira bwino.

Zikanakhala za masewera okha sindikanalemba. Vuto ndi loti lamulo la kusagwa limatitsatira m'moyo wonse, ndipo silofanana kwa onse. Aliyense wa ku Mangochi akudziwa nkhani ya ku Joni. Mnyamata amagulitsa njinga, banja limasonkha, amakwera basi. Akafika kumeneko mwina agwidwa wopanda mapepala, akhala ku Lindela, abwezedwa ndi kachikwama kamodzi. Kodi alipo amene amati watha? Amayi ake amaphika nsima, amalume ake amagulitsa mbuzi, pakatha miyezi ingapo wapitanso. Akabwezedwanso, apitanso kachitatu. Tsiku limene adzamange nyumba ya malata ndi kugula njinga yamoto, mudzi wonse udzawerenga ulendo umenewo wokha. Anyamata athu amakhala kale m'lamulo la halfpipe, ndipo ine sindikuwachitira nsanje. Ndi lamulo labwino. Funso langa ndi loti n'chifukwa chiyani limathera kwa iwo okha.

Ndili ndi mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono. Pa fulaye m'mudzi mwathu munalibe womugenda. Pa masamu ankandiposa ine amene lero ndili ku yunivesite. Ali Fomu 2 anatenga mimba, ndipo mnyamata wake ananyamuka ulendo wa ku Joni mimbayo isanayambe kuoneka. Tsiku limene nkhaniyi inamveka, mawu amene ndinamva kwa akuluakulu ndi oti mwanayu wawonongeka. Mawu amenewa timanenera chimanga chimene chafumbwa, kapena nsomba imene yagonera padzuwa. Malikisi ake onse a m'kalasi, zaka zonse zimene ankadzuka m'mamawa kuyenda mtunda wautali kupita kusukulu, zonse zinafufutidwa ndi ulendo umodzi. Kwa mtsikana timawerenga ulendo umene wachita moipa koposa, ndipo timauwerenga mpaka kalekale.

Chodabwitsa n'choti pa pepala dziko lathu linavomera kale kupereka ulendo wachiwiri. Kuyambira mu 1993 pali ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18, pomwe kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anali atapeza kuti amayi 42 pa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanafike msinkhu umenewo. M'masukulu ambiri muli magulu a amayi amene ntchito yawo ndi kutsatira atsikana osiya sukulu. Khomo ndi lotsekula. Koma kuti mtsikana adutsepo pamafunika wina womugwirira mwana, ndalama ya fizi ndi yunifolomu, komanso mtima wopirira kuseka kwa anzake akamamutcha mayi m'kalasi. Ndondomeko sipereka chilichonse mwa zimenezi. Amapereka ndi anthu.

Apa ndi pamene ndimaganizira Marie Martinod wa ku France. Iyeyu anali katswiri wa halfpipe ali mtsikana, kenako anasiya masewera ali ndi zaka za m'ma 20, n'kubereka mwana wamkazi. Kwa zaka zingapo dzina lake linazimirira. Amene anamulondola ndi kumuuza kuti abwerere anali Sarah Burke wa ku Canada, yemwe akanakhala mdani wake pa mpikisano. Martinod anabwerera, ndipo ku Sochi mu 2014 anapata siliva ali ndi zaka 29. Ku PyeongChang mu 2018 anapatanso siliva ali ndi zaka 33, akupikisana ndi atsikana amene anawasiya kutali ndi msinkhu. Luso anali nalo kale. Chimene chinasowa kwa zaka zonsezo ndi munthu woti agogode pakhomo n'kunena kuti malo ako alipobe.

Burke mwiniwake ndi chifukwa chake masewerawa alipo. Pamene ankayamba, mipikisano yambiri ya mtunduwu inalibe gawo la amayi, moti nthawi zina ankalowa pakati pa anyamata. Anavutitsa okonza mipikisano mpaka anatsekula gawo la amayi, anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2005, anapambana kangapo pa Winter X Games, ndipo anamenyera nkhondo kuti halfpipe ya ski ilowe mu Olimpiki. Mu Epulo 2011 komiti ya Olimpiki inavomera. Nkhani yake imandikumbutsa Tabitha Chawinga, amene anayamba mpira pakati pa anyamata ku Rumphi, n'kudzakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya amayi ya ku Italy, ndi mng'ono wake Temwa amene mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya ku United States. Atsikana amenewa akanamvera lamulo lokhala m'mphepete ndi mbale, lero tikanakhala tikunyadira ndani?

Koma ndisakunamizeni kuti kugwa ndi kwaulere. Pa 10 Januwale 2012 Burke anagwa akuchita zokonzekera ku Park City, m'chigawo cha Utah, ndipo pa 19 mwezi womwewo anamwalira ali ndi zaka 29. Olimpiki imene anaimenyera nkhondo sanaione. Mphunzitsi wake anakawaza phulusa la thupi lake mu halfpipe ya ku Sochi. Cassie Sharpe wa ku Canada, amene anapata golide mu 2018, anavulala bondo koopsa mu 2021, ndipo anachita kudutsa pa opaleshoni kuti adzapate siliva ku Beijing chaka chotsatira. Walira mvula walira matope. Choncho amayi anga akamandiuza kuti samala, mwana wanga, sindiwaona ngati otsalira. Iwo anaona atsikana akugwa osadzukanso. Akudziwa kuti m'nyumba yosauka kugwa kumodzi kumatha kudya mbuzi zonse ndi munda womwe. Mantha awo ndi masamu, ndipo masamuwo ndi olondola.

Chimene ndimatsutsa ndi yankho lake. Anthu a halfpipe ataona kuti masewera awo ndi oopsa sanauze atsikana kuti akhale pansi. Anamanga malo ogwera. Wosewera asanayese 1080 pa chipale cholimba amakhala atayesa kambirimbiri pa nsalu yodumphitsa ija amati trampoline, m'dzenje lodzaza masiponji, kenako pa chimthumba chachikulu cha mpweya chimene amachiika pambali pa khoma. Amavala chipewa cholimba. Pansi pamakhala madokotala. Eileen Gu, amene anabadwira ku San Francisco n'kusankha kuimira China, anapata golide ku Beijing ali ndi zaka 18 ndi malikisi 95.25, moti ulendo wake wachitatu unali wongosangalala chifukwa panalibenso womupeza. Tikamuona akuuluka timati ndi wolimba mtima, ndipo ndi zoona. Koma kulimba mtima kumeneko kunaleredwa pa masiponji. Anagwa kosawerengeka pamalo pamene kugwa sikupweteka, ndipo panali wina amene analipira malowo.

N'chifukwa chake sindili m'gulu la amene amalota kuti tsiku lina mbendera yathu idzaoneke pa Olimpiki ya chipale. Zikhoza kutheka. Zimbabwe inatumiza Luke Steyn ku Sochi mu 2014, ndipo mu 2018 Nigeria inatumiza amayi a bobsled, pomwe Kenya inatumiza Sabrina Simader pa ski. Koma ambiri mwa anthu otere anakulira kapena kuphunzirira kunja, kumene kuli chipale ndi ndalama. Mwina kwinakwake ku Europe kapena ku America kuli mwana wa Mmalawi amene adzatinyamulire mbendera, ndipo tidzaomba m'manja. Zimenezo sizidzasintha kanthu kwa Chowe. Chimene tingatengeko ku masewerawa sichifuna chipale. Ndi kawerengedwe kake, ndi masiponji ake.

Masiponji athu ndi zinthu zazing'ono zodziwika kale. Ndi agogo amene avomera kukhala ndi khanda kuyambira m'mawa mpaka masana. Ndi amalume amene, monga mwini mbumba, anena pagulu kuti mwanayu abwerera kusukulu, ndipo mbuzi imene ikanalipira basi ya ku Joni ilipira fizi. Ndi mphunzitsi amene aletsa kuseka tsiku loyamba, lisanazolowereke. Ndi bwalo la ntchemberembaye limene silisanduka munda, ndi mayi mmodzi wodziwa kusambira amene angatenge atsikana khumi n'kuwalowetsa pamadzi akuya pang'ono.

Ndipo ife a pa koleji tisadzione ngati tinapulumuka. Mnyamata akalemba sapu timati zachitika, amwene, mulimbe. Akabwereza chaka timati maphunziro ndi ovuta. Mtsikana akabwereza chaka timayamba kufufuza kuti ankayenda ndi ndani. M'kalasi mwathu atsikana ambiri amakweza dzanja pokhapokha akatsimikiza kuti yankho ndi lolondola, pomwe anyamata amangoponya, kulakwitsa katatu, n'kukhoza kamodzi, ndipo mphunzitsi amakumbukira dzina la amene wakhoza kamodziyo. Pa zisankho za bungwe la ophunzira muwerenge kuti ndi atsikana angati amene amaimanso ataluza koyamba. Tinafika kuno ambiri a ife chifukwa chosagwa, monga Swaney, ndipo pali ngozi yoti tidzatuluka ndi digiri tisanayesepo kudumpha.

Mwana wa mng'ono wanga uja tsopano akuyenda, ndipo wayamba kudya phala. Tchuthi chapitachi nkhani ya sukulu inakambidwa pakhonde pa anganga. Amayi aang'ono akuopa manyazi. Amalume sanakane, koma anafunsa kuti akabwerera n'kukatenganso mimba ina, ndalamazo adzabweza ndani. Ndinawafunsa mwaulemu kuti achimwene aja anabwezedwa kawiri ku Joni, ndalama za maulendo awiriwo anabweza ndani. Anaseka, anandiuza kuti sukulu yandipatsa pakamwa, koma sanayankhe, ndipo kwathu amalume akapanda kuyankha ndiye kuti nkhani ikadali yamoyo.

Mwini wake sananene zambiri. Usiku tili awiri anandifunsa ngati masamu a Fomu 2 anasintha, ndiponso ngati ndikadali ndi mabuku anga akale. Mabukuwo ndinawapeza m'katoni, ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete. Anganga avomera kugwira mwana masiku atatu pa sabata. Masiku awiri otsalawo sitinapezebe munthu, ndipo fizi ya teremu yoyamba tikusonkherana ine ndi azakhali. Sukulu zitsekulira mu Seputembala.